Galimoto yanga siidzapitanso kwa mlendo

Olemba inu mukuti munthu ukachokapo pa ulendo galimoto usaisiye pakhomo, ubwereketse kwa anthu osawadziwa izikupangila ndalama. Mmm mwina ku Maputo zimatheka, koma kuno ku Angónia ine ndinayesapo ndinalira.

Ndinapita ku Beira ma week awiri, ka Toyota kanga ndinasiyila mkulu wina amene anandipeza pa WhatsApp, akuti akungofuna kupita ku Tete ku ukwati ndikubwelera ku Ulongué basi. Tinagwilizana, anapeleka theka la ma metikaisi (ndalama za kuno ku Mozambique), livrete (chikalata cha galimoto) ndinamupatsanso, ine kupusa. Pobwera ndapeza mipando yakumbuyo yachotsedwa, pansi pali dothi lofiira ndi timbatatesi tofota, kumeneku anthu andiuza kuti imanyamula matumba ku Tsangano kukatula ku Zóbuè, tsiku lina inasanduka chapa (minibasi yonyamula anthu). Ma shoko onse anatha, tayala limodzi si langa ayi.

Ndiye za seguro (inshuwalansi) simunatchule bwanji? Akagunda munthu uko, apolisi amayamba afuna mwini wake, dzina lili pa mapepala a galimoto ndi lako. Ndalama yotsala ija mpaka lero foni sayankha achimwene aja.