Uko akumufuna mwana wanga ngati ndalama, kuno akuti ndifolere buloko

Abale anzanga ndiloleni nditulutse zakukhosi mwina lero ndigonako. Ndili kumudzi kuno ku Nkhotakota sabata yachitatu tsopano, tinabwera ndi mwana wanga wamkazi kudzaika bambo anga m'manda, koma chifikireni sindinapumeko ngakhale tsiku limodzi. Masana anthu pakhonde, uyu fizi, uyu feteleza, wina akuti ukonde unang'ambika. Usiku ndikati ndigone ndiye foni yayamba kulira kuchokera ku Michigan ku America komwe timakhala, paja kuno ikamakwana 9 koloko usiku kumeneko ili 3 koloko masana ofesi ya sukulu isanatseke. Mayi wa mu ofesi uja mawu ake okoma ngati uchi, pepani ndi maliro, tikukukumbukirani, koma mwanayo abwera liti? Katatu konse funso lomwelomwelo. Poyamba ndimati eee azunguwa ndiye ali ndi chikondi, kumusowa mwana wanga chonchi. Kenako ndinakumbukira kuti uno ndi Okutobala.

Kumene tikukhalako kuli tsiku lina amati count day, Lachitatu loyamba la Okutobala, lina limabwera mu Febuluwale koma la Okutobala ndi lomwe lili ndi mphamvu chifukwa ndalama zambiri zimachokera pamenepo. Tsiku limenelo amawerenga mitu ya ana amene ali m'kalasi, ndipo boma la Michigan limapereka ndalama kutengera mituyo. Mwana mmodzi chaka cha 2023 anali madola 9,608. Ndiye mwana akajomba tsikulo atatsanzika, ayenera kuonekera pasanathe masiku 30 kuti awerengedwe, apo bii ndalama ija yapita. Ife tinanyamuka kutatsala masiku awiri kuti tsikulo lifike, imfa siona kalendala. Ndiye mayi uja sakulira ine, akulira 9,608 yake. Komanso sindingamude kwenikweni, kasukulu kathu nkakang'ono, tauni yake ya alimi a chimanga ndi mphesa, mafamu mbali zonse, achinyamata anathawira m'mizinda, otsala ndi nkhalamba zomwe ine ndimazisambitsa ku ntchito. Ana akuchepa chaka ndi chaka. Ana khumi akachoka ndiye kuti malipiro a mphunzitsi mmodzi apita nawo limodzi.

Nkhani imeneyi ndinalakwitsa kuwafotokozera amalume. Iwowo ndi a mu komiti ya sukulu ya pulayimale yapafupi pano, yomwe inenso ndinaphunzirapo mpaka Sitandade 8. Anatulutsa kafoni kawo kamabatani nkuyamba kuchulukitsa, atapeza kuti pa reti ya kubanki ndi ndalama yoposa 16 miliyoni kwacha anavula chipewa nkuchiika pabondo. Akuti mphwanga, mwana mmodzi? Ndiye inu kumeneko mukusambiratu ndalama, tifolereni buloko ija chimphepo chinasasula, malata 60 okha basi. Ndinayesa kunena kuti amalume ndalamayo ine sindiiona ndi maso, imapita ku distirikiti, amalipira aphunzitsi, mafuta a basi, magetsi, zotenthetsera m'makalasi nthawi yozizira, koma iwo anangomva 16 miliyoni basi, zinazo zinawadutsa.

Chomwe chimandiwawa nchoti anthu kuno mumaganiza kuti sukulu yaulere ya ku America ndi yaulere ngati mpweya. Inde fizi kulibe, ndipo khoti lalikulu la dzikolo linagamula kale mu 1982 kuti ngakhale mwana amene makolo ake alibe mapepala asamuthamangitse pasukulu ya boma, pamenepo ndiwayamikire. Koma kulowetsa mwanayo kokha ndinatuluka thukuta. Kuno ine ndinayamba Sitandade 1 pongogwira khutu dzanja litadutsa pamutu, ahedi nkuti wakula uyu alowe. Uko akufuna pepala la lendi lokhala ndi dzina lako, bilu ya magetsi, setifiketi yobadwira, makatemera onse, chifukwa mwana amapita sukulu ya dera lomwe ukugona. Nthawi imeneyo ine ndikugona pa sofa kwa mnzanga wa ku Dwangwa, bilu ndiitenga kuti? Mpaka mwini nyumba anachita kukasainira kuti zoonadi anthuwa akukhala kwanga. Kabuku ka kusikelo kaja ndinakasunga bwinobwino mu pulasitiki, nesi wa pasukulu anakatembenuza uku ndi uku ngati akuwerenga kalata ya asing'anga, akuti katemera wa katsabola ali kuti. Ndinati mayi kwathu katsabola timangodwala nkuchira, palibe amabaya. Sabata ziwiri mwana ali pakhomo kudikira jakisoni, ine ndikujomba mashifiti.

Ndiye pali fomu ina imafunsa chilankhulo chomwe mumayankhula pakhomo. Ine mwa ulemu wanga ndinalemba Chichewa, kunyadira kwathu. Aaa ndinaputa mavu. Mwana amene amawerenga Chingerezi bwinobwino anamuyesa mayeso nkumuika gulu la ophunzira chizungu, pomwe mphunzitsi wa gululo ndi mmodzi yekha distirikiti yonse, amazungulira masukulu atatu ndi galimoto yake, amaonekera kawiri pa sabata ngati basi ya kumudzi nthawi ya dzinja. Tsiku la msonkhano wa makolo anandipezera womasulira pa foni, munthu uja atayamba kuyankhula ndikumva Chiswahili kkkk, ndinangoti zikomo bambo pitani mukapume, tiyankhula tokha.

Ogasiti aliyense kumabwera mndandanda wa zogula. Mapensulo, makope, guluu, mahedifoni, mpaka matishu ndi zopukutira madesiki, zonsezo kholo. Mwana akafuna kusewera mpira pali ndalama yake, ulendo wa kalasi ndalama, Chromebook, kompyuta yomwe sukulu imabwereka ana, ikasweka galasi ndalama, ndipo yathu inasweka kawiri. Kenako amabwera ndi katoni ya chokoleti kuti akagulitse sukulu ipeze thandizo, ine mlendo ndigulitsa kwa ndani m'tauni yoti aneba sitipatsana ngakhale moni? Ndimangogula ndekha katoni yonse nkumakagawa ku ntchito. Ndiye mukamadandaula za ndalama ya chitukuko yomwe komiti imatolera kuno, dziwani kuti ukonso iliko, inangovala suti. Chokhacho ndinganene kuti anatipeputsa ndi chakudya, kuyambira 2023 boma la Michigan linayamba kulipirira ana a sukulu za boma kadzutsa ndi nkhomaliro, ngati phala lija ana amanyamulira makapu m'masukulu ena kwathu kuno, kungoti uko ndi pizza wozizira amene mwana wanga amabwera naye m'chikwama osamudya.

Koma chimene chinandipsetsa mtima kwambiri ndi nkhani ya denga. Eya, denga, musadabwe, ukonso madenga amadontha. Ndalama ya pamutu pa mwana ija siyokwanira kumangira, zomangamanga distirikiti imayenera kupempha anthu a m'deralo kuti avote, avomere kukweza msonkho wa nyumba ndi malo kuti akongole ndalama. Kwa anzathu a m'madera a anthu olemera voti imadutsa, sukulu zawo mpaka dziwe losambiramo. Kwathu nkhalamba zija zimati ana athu anamaliza kalekale tilipiriranji, voti inakanika, chidebe chili pakhonde la makalasi kudikira madzi a sinowo akamasungunuka. Ine ndinakhala nawo pamsonkhano wa bodi ya sukulu nditachoka shifiti ya maola 12, yunifolomu ili m'thupi, ndinamvetsera zonse, koma kuvota sindingavote chifukwa si ine nzika. Msonkho wokha ndiye sundiphonya. Nyumba ya lendi kumeneko imalipira msonkho wina wa sukulu umene munthu wokhala m'nyumba yakeyake salipira, ndipo musaganize kuti alandilodi amautulutsa m'thumba mwawo, umabwera kwa ine mu lendi mwakachetechete. Kulipira ndilipire, pakamwa nditseke.

Ndiye denga likamadontha makolo amene ali ndi magalimoto abwino amasamutsa ana awo kupita distirikiti yoyandikana nayo, lamulo limalola, ndipo ndalama ija imamutsatira mwana komwe wapita. Sukulu yathu imatsala ndi ana ochepa, ndalama zochepa, achotsa mphunzitsi wa nyimbo, laibulale akutsegula masiku awiri, makolo ena aona zimenezo nawonso achotsa awo, basi kumangozungulira choncho. Ine sindingasamutse wanga chifukwa basi yachikasu ija siingadzamutenge kupita dera lina, ndipo 6 koloko m'mawa ine ndimakhala ndili kale ku ntchito.

Dzana ndinapita ndi amalume kukaona buloko yawo ija, mwana wanga ananditsatira. Dzuwa la Okutobala mukulidziwa kunyanja kuno, mchenga kuotcha mapazi. Sitandade 2 ili pansi pa mtengo wa mango, bolodi atayedzeka pa thunthu, ana mbweee pansi, ndinayamba kuwerenga ndinafika 100 nkusiya. Aphunzitsi mmodzi, mawu atasasa, choko chili m'thumba la malaya. Buku limodzi ana asanu mitu pamodzi. Mwana wanga kalasi yake uko muli ana 18 ndipo akuti achepa, sukulu ikhoza kutsekedwa. Anandikoka chitenje nkundinong'oneza kuti amayi, bwanji tingowatengako enawa tipite nawo, mayi wa mu ofesi uja asiye kutiimbira? Ndinaseka mpaka misozi, koma kenako ndinaona kuti misozi ija sikusekanso ayi.

Chodabwitsa, zonsezi zinayamba chaka chimodzi. 1994 a Bakili Muluzi analengeza pulayimale yaulere, ana anakhamukira m'masukulu kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi ndi aphunzitsi osakwana mpaka lero. 1994 yomweyo anthu a ku Michigan anavota kusintha kaperekedwe ka ndalama za sukulu, anakweza msonkho wa pogula zinthu kuchoka pa 4 kufika pa 6 peresenti kuti ndalama zizichokera ku boma motsata mutu wa mwana. Ine ndinali mmodzi wa ana okhamukira aja, wopanda nsapato, kope lodula pakati. Lero ndikulipira 6 peresenti uko, ndikutumiza pa Mukuru kuno fizi ya ana atatu a achemwali anga amene ali ku sekondale, ndipo aliyense mbali zonse ziwiri akundiona ngati ndine ndalama yoyenda ndi miyendo.

Amalume sanandisiye. Madzulo anabwera ndi kapepala alemba malata 60, misomali makilo angapo, matabwa, ndi ya mmisiri, pansi pake asainira ndi chidindo cha komiti. Mayi anga ali chikhalire pamphasa ndi nsalu yakuda anangoti mwanawe, bambo ako ankaumba nawo njerwa za buloko imeneyo. Ndiye munthu ungayankhe chiyani pamenepo? Ndawauza kuti ndikwanitsa malata 20, enawo akapemphe kwa a khansala ndi a MP amene anawavotera, iwowo mwayi wovota ali nawo. Sanasangalale, anapinda kapepala kaja nkunena kuti chabwino mphwanga, tidikira mukafika.

Tikiti ndasintha, ndalipira chindapusa cha ndege chomwe chikanagula malata ena angapo, tinyamuka Loweruka m'mamawa kudzera ku Salima kukakwera ku Lumbadzi kuti Lolemba mwana akaonekere m'kalasi masiku 30 aja asanathe. Mayi ndikuwasiya misozi isanaume. Mwana akukana, akuti akufuna atsale azidya kondowole ndi usipa kwa agogo. Imelo ndawatumizira a ku ofesi aja usiku wathawu, sipanathe mphindi zisanu ayankha kale, ndi tizithunzi ta mitima titatu.