Makampani ambiri sasamuka pa portal mwakufuna, amachita kusamutsidwa

Maganizo anga lero akupita kwa inu a IT ndi mabwana amene mumasainira macheke.

Ndikamati portal ndikunena tsamba lija la mkati mwa kampani, lomwe wantchito amalowa ndi pasiwedi kuti apemphe tchuthi, aone payslip, apeze fomu ya alawansi kapena awerenge memo ya abwana. Makampani ena ali pa SharePoint ya Microsoft, ena pa Confluence, ena pa Liferay, ndipo makampani akuluakulu ambiri anakhala zaka pa WebSphere Portal ya IBM. Kampani ikamachoka pa imodzi kupita pa ina, memo yake imakhala yokoma: akuti tikupita pa zamakono, zofulumira, zotseguka bwino pafoni. Ine memo zimenezi sindizikhulupirira kwenikweni. Mukayang'ana zomwe zachitika zaka zapitazi, ambiri sanasamuke chifukwa anaona china chabwino. Mwini pulogalamuyo ndi amene anasintha maganizo, iwo n'kuyamba kulongedza.

Taonani Workplace ya Meta, eni ake a Facebook. Anaiyambitsa mu 2016, ndipo pofika 2021 anthu olipiriridwa ndi makampani awo anali atakwana 7 miliyoni. Inkakondedwa chifukwa inkaoneka ngati Facebook yeniyeni, moti wantchito wa m'sitolo kapena dalaivala sankafunika maphunziro kuti aigwiritse ntchito. Mu Meyi 2024 Meta inalengeza kuti ikuitseka chifukwa mtima wake unali utapita ku AI ndi metaverse. Makampani anapatsidwa mpaka kumapeto kwa Ogasiti 2025, kenako kungowerenga zakale osalemba zatsopano, ndipo analozeredwa ku Workvivo ya Zoom. Kodi analakwa chiyani makampani amenewa? Palibe. Ankalipira bwinobwino mwezi ndi mwezi.

Atlassian ya ku Australia inachita zofanana ndi Confluence. Inasiya kugulitsa laisensi zatsopano za Server, zoika pulogalamuyo pa seva ya kampani yanu, mu Febuluwale 2021, ndipo pa 15 Febuluwale 2024 inasiyiratu kuthandiza onse amene anali ndi laisensi zimenezo. Njira zinatsala ziwiri: kupita pa cloud, kutanthauza ma seva a Atlassian yemweyo pa intaneti, n'kumalipira pa wantchito aliyense, kapena kugula laisensi ya Data Center yomwe inapangidwira makampani akuluakulu, mtengo wakenso wa akuluakulu. Kampani ya antchito makumi angapo imene inagula laisensi kamodzi n'kumangolipira pang'ono pachaka inadzuka ili pakati.

Ena anagulitsidwa pamodzi ndi pulogalamu yawo. IBM inagulitsa WebSphere Portal, Notes, Connections ndi mapulogalamu ena kwa HCL ya ku India pa madola 1.8 biliyoni, mgwirizano womwe unalengezedwa mu Disembala 2018. Kalekale Plumtree, kampani yopanga portal, inagulidwa ndi BEA mu 2005, BEA nayo n'kugulidwa ndi Oracle mu 2008. Wosankha Plumtree mu 2003 sanasankhepo Oracle, koma pasanathe zaka zambiri invoisi inkachokera kumeneko.

Nkhaniyi ili ngati ya nyumba ya lendi. Mwapenta, mwaika mabagalaba, ana azolowera sukulu yapafupi, kenako landilodi akuti nyumba yagulitsidwa, kapena lendi kuyambira mwezi wamawa ndi ya madola. Mukamauza anzanu mumati tapeza ina yabwino ku Area 25, koma inu mukudziwa chimene chakutulutsani.

Pa madolapo ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife kuno kwathu. Mapulogalamu a pa cloud amalipiridwa pamutu wa wantchito aliyense, mwezi uliwonse kapena chaka chilichonse, ndipo mtengo wake umawerengedwa m'madola ngakhale mukugula kudzera kwa wogulitsa wa ku Blantyre. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 Reserve Bank inaitsitsanso, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Microsoft sinakweze kalikonse tsiku limenelo, koma bilu ya kampani inalumpha usiku umodzi. Onjezanipo kudikira forex kubanki laisensi ikutha mawa. Akauntanti akayamba kufunsa chifukwa chimene mlonda ndi mesenjala ali ndi laisensi yofanana ndi ya manejala, dziwani kuti nkhani ya Nextcloud kapena Liferay yaulere yatsala pang'ono kufika pa tebulo la bodi.

Apa ndiye ndimasiyana ndi anzanga ena a IT amene amangofuula kuti open source, open source, kunena mapulogalamu aulere oika pa seva yanu. Pulogalamu yaulere ikufuna seva, seva ikufuna magetsi, ndipo magetsi athu mukuwadziwa. Ikufuna jenereta ndi dizilo, ikufuna backup yosungidwa kwina, ndipo koposa zonse ikufuna munthu wodziwa kuisamalira. Mnyamata mmodzi amene anaikhazikitsa akapeza ntchito ku Johannesburg, pasiwedi ya admin imapita naye m'mutu. Ndalama zimene munapulumutsa pa laisensi mumazilipira kwa consultant wodzatsegula.

Chitetezo nachonso chimathamangitsa anthu, makamaka amene amasunga okha. Mu Julayi 2025 akuba a pa intaneti anapeza polowera pa SharePoint ya pa seva za makampani, chiwembu chimene chinatchedwa ToolShell, ndipo mabungwe ambiri padziko, a boma omwe, analowedwa. SharePoint ya pa cloud sinakhudzidwe. Ndiye taganizani bwana wa IT amene wakhala akukana cloud zaka zonsezi, akufunsidwa ndi bodi Lolemba m'mawa. Pamwamba pa izo, SharePoint 2013 inasiya kulandira zigamba zotseka polowera akuba mu Epulo 2023, ndipo tsiku limene Microsoft inaika loti SharePoint 2016 ndi 2019 nazonso zisiye kulandira zigamba ndi 14 Julayi 2026. Seva yosalandira zigamba ma auditor salola, akampani za inshuwalansi nawonso amayamba mafunso.

Osamuka mwakufuna alipo, sindikukana. Boma la chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany linalengeza mu 2024 kuti makompyuta pafupifupi 30,000 achoka pa Microsoft Office kupita pa LibreOffice, SharePoint ilowedwa m'malo ndi Nextcloud, ndipo maimelo apita pa Open-Xchange. Chifukwa chawo chachikulu n'chakuti safuna zinsinsi za nzika zawo zidalire kampani ya dziko lina. Amenewo ndimawapatsa ulemu, anakhala pansi n'kuwerengera. Koma ku Germany komweko mzinda wa Munich unasamutsa makompyuta pafupifupi 15,000 kupita pa Linux, ntchito yomwe inatenga zaka pafupifupi khumi, kenako mu 2017 khonsolo inavota kuti abwerere pa Windows. Atsogoleri anali atasintha. Zimenezi m'makampani zimachitika kwambiri kuposa mmene timavomerezera: bwana watsopano wa IT wabwera, kumene anachokera ankagwiritsa ntchito china, basi chaka chake choyamba akufuna chionekere kuti iye wafika. Nthawi zinanso makampani awiri aphatikizana, portal imodzi iyenera kufa, ndipo imafa ya amene wagulidwa ngakhale itakhala yabwino.

Gulu limene limandimvetsa chisoni ndi la osamuka chifukwa antchito akudandaula kuti portal n'njachabe, munthu sapezamo kanthu. Lowanimo muone. Mulemba "leave form" pofufuzira, akutulukirani mafayilo asanu ndi awiri: Leave form, Leave form new, Leave form FINAL, Leave form FINAL 2, ina ili ndi logo yomwe kampani inasiya kalekale. Patsamba loyamba pakadali uthenga wa Khirisimasi wa bwana amene anapuma ntchito. Foda ya Finance aliyense atha kuitsegula, pamene ya ndondomeko za tchuthi ikufuna chilolezo cha munthu amene anachoka. Antchito anatopa, fomu amangotumizirana pa gulupu ya WhatsApp. Pamenepa vuto si SharePoint kapena Liferay. Palibe amene anapatsidwa ntchito yosesa. Mukagula yatsopano n'kukoperamo zonse mmene zilili, pakatha miyezi ingapo madandaulo ndi omwewo, kungosintha mtundu wa tsamba.

Ndipo kusamukako kumadula kuposa quotation imene munaonetsa bodi. Mafayilo okha amasamuka mosavuta. Chovuta ndi zomangiriridwa: njira ija yoti fomu ichoke kwa wantchito ipite kwa supavaiza kenako kwa HR, malire a amene aone chiyani, kulumikizana ndi pulogalamu ya malipiro, ma link akale amene ali m'maimelo ndi m'mamemo zikwizikwi omwe onse amafa tsiku limodzi. Zambiri mwa izi zimamangidwanso kuyambira pansi, ndipo miyezi imeneyo mukulipira ziwiri, yakale ndi yatsopano.

Ndiye pogula portal, chionetsero cha wogulitsa chisakutengeni mtima, onse amaonetsa zokongola. Ine ndikanakhala pampando wanu ndikanamuuza kuti andionetse mmene ndingatulutsire katundu wanga: mafayilo ndi mbiri yake, mayina a olemba, masiku, malire a chilolezo, zonse m'mtundu woti pulogalamu ina iwerenge. Achite pamaso panga ndi foda imodzi yeniyeni, osati pa slide. Ndikanafunsanso kuti mtengo watsekedwa zaka zingati, m'ndalama yanji, komanso akafuna kutseka kapena kugulitsa adzandichenjeza kudakali miyezi ingati. Zimenezi zilembedwe mu kontirakiti, ndipo akaunti ya admin ikhale m'dzina la kampani, osati pa imelo ya mnyamata wa IT.