Njinga yatsopano ikasowa, musathamangire

Alembi mwanena zoona kuti kusowa kwa ndalama zakunja kwachititsa kuti njinga zakapalasa zichepe m'mashopu. Njinga zathu zambiri ndi zipangizo zake zimachokera ku India ndi ku China, choncho dola ikasowa kubanki, woitanitsa katundu amangokhala manja lende. Ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inangothawa.

Koma apo mwalangiza kuti munthu agule iliyonse imene waipeza, ine ndakana. Ndinachita zomwezo pogulira mng'ono wanga njinga ya kabaza. Ndinazungulira Limbe tsiku lonse, n'kupeza imodzi yokha, yopaka utoto wonyezimira bwino. Wogulitsa akuti "bwana, mukachoka pano mawa simuipeza." Ndinalipira. Mwezi usanathe masipoko akumbuyo anayamba kuthothoka, limu n'kupindika, kaliyala n'kuthyoka atanyamula thumba limodzi la chimanga. Limodzi lokha!

Wa kabaza sayang'ana utoto. Gwedezani gudumu lakumbuyo muone ngati habu ikuseweraseweranso, finyani masipoko awiriawiri, yang'anani pamene anawotcherera kaliyala. Chachikulu, funsani amakaniko a pamsika wakwanu ngati matayala, machubu ndi tcheni za mtunduwo zikupezeka, poti njinga yopanda zipangizo imangosanduka poyanikira zovala.

Mng'ono wangayo pano akupalasa yakale imene tinagula kwa mkulu wina ku Lunzu. Tinangosintha matayala ndi mabuleki basi, mpaka lero ikuyenda.