Malikisi a essay azibwera ndi chifukwa chake

Dzulo mwana wa achemwali anga, ali chaka choyamba ku yunivesite, wanditumizira essay yake pa WhatsApp. Anapeza 48, ndiye masamba 6 onse aja alekichala analembapo timawu tiwiri basi, "too descriptive". Mwana akungodandaula kuti amalume ndalakwitsa pati, poti ku MSCE English anakhoza bwinobwino.

Ndawerenga, ndipo kunena zoona alekichalawo sananame. Funso linali loti aunike ngati sabuside ya feteleza inathandizadi kuthetsa njala, iye wangofotokoza mbiri, kuti FISP inayamba 2005 nthawi ya Bingu, kunali makuponi, mu 2020 kunabwera AIP, zoona zokhazokha koma mpaka tsamba lomaliza sunamve kuti mwiniwakeyo waima pati. Essay ya ku yunivesite imafuna unene mbali yako kumayambiriro komweko, ubweretse umboni wa anthu amene anafufuza, uwapatsenso mpata otsutsana nawe kenako uwayankhe. Malikisi ambiri amagona pamenepo. Za kalembedwe ka ma reference monga APA kapena Harvard, kasanjidwe ka ndime, galamala, zimabwera pambuyo.

Koma chandinyasa ine nchakuti ndani anamuuza zimenezi? Mwana wachokera ku sekondale komwe ukaloweza notsi za aphunzitsi nkuzibweza momwemo ndiwe dolo, lero mukumuchonga ndi muyeso womwe sanauonepo. Rubric ija, ndondomeko ya kagawidwe ka malikisi imene alekichala amachongera, bwanji osaipereka limodzi ndi funso, aliyense adziwiretu kuti mfundo zili ndi malikisi angati, umboni angati, ma reference angati? Ndikudziwa makalasi ndi odzadza, munthu mmodzi kuchonga mulu wa mapepa si masewera, komatu rubric yomweyo ndi imene ingakupeputsireni ntchito, komanso amene mwamuchonga m'mawa ndi amene mwamuchonga usiku mutatopa ayesedwa mofanana.

China, tisamanamizidwe ndi Chizungu chambiri. Nthawi yathu analipo anyamata ongowunjika mawu akuluakulu opanda mfundo nkumapeza 70, pano ndiye ChatGPT akulemba Chizungu chosalala kuposa tonsefe, ndipo Turnitin, pulogalamu ya pakompyuta yogwirira okopera, amakuuza kuti zafanana ndi za wina, koma sangakuuze ngati mwana waganiza.

Ndamuuza kuti Lolemba apite ku ofesi akafunse mwaulemu kuti 48 yo yachokera pati. Akuti akuopa, alekichalawo angamuike chizindikiro mpaka adzalembe supu, mayeso obwereza aja.