Akuchira angati mwa angati?

Dzulo pa gulu lathu la pachibale la WhatsApp azakhali anatumiza uthenga wa bambo wina amene akuti wapeza mtengo wochiza shuga, BP ndi khansa, zonsezo botolo limodzi. Nditafunsa kuti mankhwalawo anayezedwa kuti, yankho linabwera msangamsanga: "Iwe sukulu inakuwononga, anthu akuchira."

Akuchira angati, mwa angati amene anamwa? Funso langa ndi lokhali.

Akuluakulu mukukumbukira 1995. Anthu zikwizikwi anakhamukira ku Machinga, cha ku Liwonde, kwa a Billy Goodson Chisupe, omwe ankati analoteredwa mtengo wochiza Edzi. Ena pa basi, ena pa lole, onse kukamwa mankhwala awo otchedwa mchape. Ambiri pobwerako ankati m'thupi mwapepuka, ndipo sindikuti ankanama ayi. Munthu ukamwa chinthu ndi chikhulupiriro chonse, umamvadi bwino kwa masiku angapo. Koma kachilombo sikaoneka pankhope, kamapezeka m'magazi. Maliro anapitirira, mpaka anadzayamba kuchepa boma litayamba kupereka ma ARV ulere mu 2004. Ndipo amene anamwa mchape n'kumwalira, ndani anawamva akupereka umboni? Timangomva za otsala.

Sindikunyoza zitsamba. LA timamwa tikadwala malungoyu, mphamvu yake inachokera ku chomera chotchedwa Artemisia annua. Mayi Tu Youyou a ku China, omwe analandira mphoto ya Nobel mu 2015, sanangolengeza kuti chimachiza. Iwo ndi anzawo anayesa zitsamba zambirimbiri n'kutaya zosagwira ntchito. Chimene chinaonetsa mphamvu anachiyesa pa mbewa ndi anyani, iwo eni n'kumwa, kenako n'kupatsa odwala uku akuwerenga tizilombo ta malungo m'magazi mwawo. Chomera chomwechi a Andry Rajoelina, omwe panthawiyo anali mtsogoleri wa dziko la Madagascar, anachithira m'mabotolo mu 2020 n'kunena kuti chikuchiza Covid-19, zotsatira za kuyeza kulikonse asanazionetse. Matendawo anafalikira m'dzikomo ngati kwina konse.

Munthu akati mtengo wake umaziziritsa mutu, sindilimbana naye. Koma akati umachiza khansa, shuga ndi BP pakamodzi, pamenepo ndiye atulutse zambiri kuposa mawu a pa foni.

Azakhali ndawapempha kuti mapiritsi a kuchipatala asasiye, ndipo Lachisanu ndiwaperekeza akayezetse shuga. Uthenga awerenga, koma mpaka pano ali chete.