Nyumba za alendo zikachuluka, mudzi umatsala chigoba

Dzulo mnzanga wina wanditumizira zithunzi pa WhatsApp, akuti tisonkherane tikapume sabata imodzi. Nyumbayo ndi yokongola, sindinama. Khonde lathabwa lotulukira pamwamba pa mtsinje, mawindo agalasi kuyambira pansi mpaka kudenga, bafa la madzi otentha panja, ndi kabwato komangirira pagombe. Pansi pa zithunzi alembapo kuti mukayenda mphindi khumi mwafika m'mudzi wakale wa asodzi, wa doko lamiyala ndi tchalitchi cha zaka mazanamazana. Ndamuyankha kuti andipatse kaye nthawi, ndipo zimene zandisowetsa tulo ndi izi.

Ine nyumba zoterezi ndinazidziwira kukhomo lakuseri. Ndinagwirapo ganyu yozikonza kwa nyengo ziwiri zotentha, m'mudzi wina pamene mtsinje umathirira m'nyanja yamchere. Tsiku lathu linali Loweruka. Alendo akale amatuluka 10 koloko m'mawa, atsopano amafika 4 koloko madzulo, ndiye pakati pamenepo ife anthu awiri timalize nyumba zitatu. Kuyalula mabedi, kuyala zoyera, kukolopa, kupukuta magalasi aja mpaka pasatsale chala cha mwana, kukhuthula madzi a m'bafa lija n'kuthiramo ena ndi mankhwala ake. Eni nyumbazo sindinawaonepo ndi maso. Kiyi tinkamupeza m'kabokosi kachitsulo kokhomera pambali pa chitseko, kotsegula ndi nambala.

Mayi amene ndinkagwira nawo anabadwira m'mudzi momwemo, bambo awo anali msodzi. Koma kuntchito ankachokera kutauni ina yakumtunda, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pagalimoto, chifukwa lendi ya kwawo inali itawakulira. Tsiku lina tikulongedza matumba a zochapa anandilozera nyumba yachitatu pamsewuwo, akuti ndi mmene anakulira. Nambala ya kabokosi ka pakhomopo ankaidziwa pamtima, koma kugonamo ngakhale usiku umodzi sakanakwanitsa. Sanalankhule mopsa mtima ayi. Anangotseka galimoto, tinyamuke, nthawi inali itatithera.

Abale anga, amene amatsatsa nyumbazi sagulitsa mabedi ofewa okha. Akugulitsa mudziwo: maukonde oyanikidwa padoko, belu la tchalitchi, gogo wokhala pakhonde amene amakupatsa moni ukamadutsa. Popanda zimenezo nyumba ija ndi nyumba wamba yagalasi. Tsono vuto n'lakuti mwini nyumba akangoona kuti sabata imodzi ya nyengo yotentha ikumubweretsera ndalama zoposa lendi ya mwezi wathunthu, sachedwa kuuza banja limene likukhalamo kuti lisamuke. Woyandikana naye amatengera. Chiyambireni Airbnb, kampani yotsatsa nyumba za alendo pa intaneti, mu 2008 ndi makampani ena onga iyo, munthu akhoza kukhala kutali kwambiri, n'kumalandira alendo pafoni osapondapo m'mudzimo. Mlendo ndi mame, anatero akuluakulu. Dzuwa likatuluka wapita. Nanga mudzi ungakhale wa mame okhaokha?

Ndinabwererako kamodzi kumudzi ndinkagwira ganyu kuja mu Januwale, nyengo ya alendo itatha. Msewu wonse wa kumtsinje unali zii, nyali ikuyaka m'nyumba ziwiri zokha. Timabokosi ta makiyi tili ndandanda, khomo ndi khomo.

Izi si zanga zokha. Ku Wales, m'dziko la Britain, kuli mudzi wa Abersoch, dzina lake limatanthauza pothirira mtsinje wa Soch. Alendo amadzaza kumeneko nyengo yotentha, nyumba zake n'zodula kwabasi, koma sukulu yake ya pulayimale inatsekedwa kumapeto kwa 2021 ana atatsala owerengeka. Chaka chomwecho nyuzipepala zinalemba za kamudzi ka Cwm-yr-Eglwys ku Pembrokeshire, ku Wales komweko, kotchuka ndi bwinja la tchalitchi chimene namondwe anagwetsa mu 1859, kuti mwa nyumba pafupifupi 50, zokhala ndi anthu chaka chonse zinali ziwiri kapena zitatu. Mudzi wotero mbiri yake adzaifotokoza ndani? Chikwangwani?

Pali ndi nkhani ya mtsinje weniweniwo, imene ambiri saiganizira. Kuti mlendo aone madzi ali gone pabedi, mitengo ya m'mphepete imadulidwa, pamene mizu yake ndi imene inkagwira dothi. Kanjira kamene ana ankatsikira kukasambira kamatsekedwa ndi mpanda, pageti n'kulembapo kuti malo ano ali ndi eni ake. Madzi a mankhwala a m'mabafa aja, nyumba iliyonse sabata iliyonse, amapita kwinakwake, ndipo mtsinje uli pomwepo. Komanso mtsinje suyang'ana mtengo wa nyumba. Pa 16 Ogasiti 2004 mvula yamphamvu inadzaza mitsinje ya Valency ndi Jordan ku Boscastle, m'dera la Cornwall ku England, madzi anakokolera magalimoto m'nyanja, anthu anachita kupulumutsidwa ndi mahelikopita ali pamadenga. Mwa chisomo palibe anamwalira. Ku Lynmouth, ku England komweko, mu Ogasiti 1952 anthu 34 anafa ndi chigumula chotero. Munthu wobadwira pamalo amadziwa mtsinje ukasintha mtundu ndi kulira kwake. Mlendo amene wafika 4 koloko n'kutsegula kabokosi, angamuchenjeze ndani ngati oyandikana naye nawonso ndi alendo?

Ndikudziwa ena munena kuti alendo amabweretsa ntchito. N'zoona, inenso ndinadyapo pamenepo, ndipo sindingatukwane dzanja limene linandipatsa. Okonza m'nyumba, ochapa, osamalira maluwa, oyendetsa mabwato, onse amapezapo kangachepe. Koma ndi ntchito ya miyezi inayi kapena isanu, ndipo malipiro ake sangakulipirire lendi m'mudzi umene ukugwiramo. Phindu lalikulu limalowa kuakaunti ya munthu amene sadziwa ngakhale dzina la woyandikana naye.

N'chifukwa chake ine ndili mbali yoti paikidwe malire. Anthu a ku St Ives, ku Cornwall komweko, anavota mu Meyi 2016, oposa 80 pa 100 aliwonse anagwirizana kuti nyumba zomangidwa kumene zizigulitsidwa kwa okhalamo chaka chonse. Lamulo limenelo lili ndi polowera mphepo, chifukwa ofuna nyumba zatchuthi anangotembenukira ku nyumba zakale, zomwe ndi mtima wa mudziwo. Boma la Wales linapita patsogolo: kuyambira Epulo 2023 makhonsolo ali ndi mphamvu yowonjezera msonkho wa nyumba yachiwiri mpaka 300 peresenti, ndipo nyumba ya alendo iyenera kugonedwamodi masiku 182 pachaka kuti iwerengedwe ngati bizinesi. Eni ena akudandaula kuti masiku amenewo ndi ovuta kukwanitsa, ndipo kwa banja limene langokonza khola lakale kuseri kwa nyumba yawo, ndikuwamvetsa. Amenewo si amene akuthamangitsa anthu. Amene ine ndikulimbana naye ndi wogula nyumba zisanu pamsewu umodzi.

Mnzanga uja ndamulembera m'mawa uno. Ndamuuza kuti tchuthi ndikuchifuna, mtsinje ndikuufuna, kabwato kajanso ndikukafuna. Koma tifufuze malo amene mwini wake amakhala pomwepo, amene adzatipatse kiyi pamanja n'kutiuza kuti madzi akakwera tithawire kuti. Kwa otsatsa nyumba ya m'zithunzi ija ndatumiza mafunso awiri: ngati munkakhala banja asanaisandutse ya alendo, ndi ngati anthu a m'mudzimo amaloledwabe kudutsa kanjira ka kumtsinje. Uthenga akuonetsa kuti auwerenga, yankho ndikudikirabe.