Musanagende mphaka, yambani mwaona ubweya wake

Dzulo madzulo ndinapeza mphaka wanga akutsimphina mwendo wakumbuyo, ndipo ana anandiuza kuti bambo amene timayandikana nawo nyumba anamugenda ndi mwala pomuganizira kuti ndi amene akuwathera anapiye. Ndinapita kukawafunsa mwaulemu kuti, "Bambo, kodi mphaka amene munamuona pakhola paja ndi wooneka bwanji?" Iwo anati, "Ndi wamawanga, wamphongo, wamutu waukulu. Mphaka ndi mphaka basi." Mawu otsirizawa ndi amene andipsetsa mtima mpaka pano, chifukwa munthu amene sangathe kufotokoza maonekedwe a nyama alibe ufulu woipweteka.

Mphaka wanga ndi wamkazi, ndipo ali ndi zigamba za mitundu itatu: zakuda, zofiirira ndi zoyera. Wakuba anapiyeyo ndimamudziwa, ndamuonapo kangapo akuyenda pampanda wa njerwa. Ndi wotuwa, ali ndi mizere yakuda yotsika kuchokera pamsana kudzera m'nthiti ngati minga ya nsomba, mchira wake uli ndi mizere yozungulira, ndipo pamphumi pake pali chizindikiro chonga chilembo cha M, monga amakhalira amphaka onse amizeremizere. Kodi zigamba ndi mizere n'chinthu chimodzi? Kodi kutuwa ndi kufiirira n'zofanana? Bambowa amatha kuzindikira nkhuku yawo yamawanga pakati pa nkhuku makumi awiri za eni, amadziwanso mbuzi iliyonse ya m'mudzi mwawo ndi maanga ake, koma akafika pa mphaka maso awo amatha ntchito.

Chimene chikundiwawa koposa n'chakuti yankho lawo lomwelo likumasula mphaka wanga. Iwo anaona wamphongo, pamene mphaka wa mitundu itatu pafupifupi nthawi zonse amakhala wamkazi, poti kuda ndi kufiirira kumayendera pa chromosome X, kachinthu ka m'thupi konyamula chibadwa, ndipo wamkazi amakhala ndi ma X awiri pamene wamphongo amakhala ndi imodzi yokha. Wamphongo wotero amapezeka mwa apo ndi apo kwambiri, pafupifupi mmodzi pa amphaka 3,000 a mitundu itatu. Akadaima pang'ono n'kuwerenga mitundu ya ubweya, mwala uja sukadachoka m'dzanja lawo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawu akuti "wamawanga" asakhale thumba loponyamo mphaka aliyense. Yambani mwanena mtundu waukulu wa ubweya, kaya ndi wakuda, wotuwa, wofiirira kapena woyera. Kenaka onani ngati pali mizere, ndipo ngati ilipo, nenani ngati ndi yopyapyala yotsika m'nthiti, yokhuthala yopiringizika m'mbali ngati chigoba cha nkhono, kapena yodukaduka mpaka kukhala timadontho. Onaninso pamene pali poyera, chifukwa mphaka wakuda woyera pachifuwa ndi kumapazi ndi wosiyana kotheratu ndi mphaka woyera wokhala ndi chigamba chakuda pamutu. Ngati munamuona usiku ndi tochi ya pafoni ali pa liwiro, vomerani kuti simunamuone bwino, m'malo mokaweruza nyama imene mwaipeza itagona pakhonde la mnzanu m'mawa. Zimenezi sizifuna sukulu, zimangofuna kuti munthu ayang'ane asanakwiye. Ine sindikukana kuti anapiye atayika, ndipo ndikudziwa kuwawa kwake chifukwa nanenso ndimaweta nkhuku, koma anapiyewo apitirira kutha popeza wolakwa akadali pampanda paja, pamene wosalakwa sakutha kuponda pansi.

Ulesi woyang'ana womwewu ndi umene ukuzunzitsa amphaka akuda m'midzi ndi m'matauni mwathu. Munthu akangoona mphaka wakuda akudutsa pabwalo usiku amathamangira kunena za ufiti, osaganiza kuti nyamayo ikusaka makoswe amene akumudyera chimanga m'matumba. Ambiri mwa amphaka amene amatchedwa akudawo mukawaona padzuwa mupeza kuti ubweya wawo ndi woderako, ena ali ndi mizere yobisika, ena ali ndi kadontho koyera pakhosi, ndipo ali ndi eni ake amene amawadyetsa tsiku ndi tsiku. Koma anthu amatola miyala n'kuitana ana kuti awathandize kugenda.